Funsani Malume: mfuti zamasewera, thabwa lake komanso penti

Mwezi uno mauthenga anu ambiri pa WhatsApp komanso makalata akuzungulira pa nkhani imodzi, mfuti zamasewera, makamaka zampweya zija zowombera mapeleti zomwe anyamata athu akumabwera nazo kuchokera ku Joni. Ena mukufuna kupenta, ena kusema thabwa latsopano, wina mpaka akufuna kupanga yonse kuchokera pa paipi. Ndasankhapo angapo a kuno ku Kasungu ndi limodzi la ku Mchinji, ena ndawadulako chifukwa munachita kulemba masamba atatu.

FUNSO: Malume, achimwene anga anabwera ndi mfuti ya mapeleti ya Gamo, yothyola pakati ija, nde pobwerera ku Joni andisiyira ine. Akuti kumeneko anangogula mushopu popanda pepala lililonse. Ine ndimangowombera zitini kuseri kwa nyumba koma anzanga akundiopseza kuti apolisi akandipeza nayo ndikagona mkati. Zoona zimenezi? (Mnyamata wa ku Santhe)

YANKHO: Mphwanga, achimwene akowo sakukunamiza ayi. Ku South Africa lamulo lawo la mfuti la mu 2000 limati yampweya yomwe bowo lake silikufika mamilimita 5.6 siyifunika layisensi, nde poti zambiri zimakhala za 4.5 kapena 5.5 munthu amangolowa mushopu ku Johannesburg, kulipira, kunyamula basi. Koma lamulo limenelo limathera pa Beitbridge pomwepo. Dziko lililonse lili ndi muyezo wake, ku England amayang'ana mphamvu, ikapitirira ma joule pafupifupi 16 pamafunika chiphaso, ku Germany malire ndi ma joule 7.5 okha ndipo zololedwazo amazidinda chilembo F pachitsulo. Kwathu kuno nkhani za mfuti zili pansi pa Firearms Act ya 1967 ndipo oyendetsa za ziphaso ndi apolisi, osati anzako a pa bawo. Nde iwe usadikire kuti akupeze. Jambula mfutiyo pafoni, lemba dzina lake, kukula kwa bowo ndi nambala yomwe ili pachitsulo, ngati lisiti ilipo tenga, mfutiyo isiye kunyumba, upite kupolisi pa boma ukafunse oona za mfuti kuti pakufunika chani, zomwe akakuuzezo uchite zomwezo. Chinanso, usamayende nayo poyera pa kabaza kapena madzulo. Munthu ali patali sangasiyanitse ya mapeleti ndi ya zipolopolo, ndipo ukudziwa wekha zomwe anthu amachita akamuyesa wina wakuba, samayamba afunsa kuti bowo lake ndi mamilimita angati.

FUNSO: Malume, ndine mphunzitsi wopuma. Bambo anga anandisiyira mfuti yampweya ya Diana, yakale ndithu koma imawomba bwinobwino. Vuto ndi thabwa, vanishi anasupuka, pena pali timaenje ta pomwe inkagundidwa. Mwana wanga akuti tingogula vanishi wa kuhadiweya tipake. Nditani kuti ibwerere mwakale? (Bambo wa ku Mtunthama)

YANKHO: Aphunzitsi, mwanayo muletseni kaye asanagule burashi. Vanishi wa kuhadiweya pa thabwa la mfuti amachita kukhuthala, kunyezimira ngati kabati ya pabalaza, dzanja likachita thukuta limaterereka, ndipo pakangokalika pamodzi amayamba kusupuka ponseponse. Mfuti ngati imeneyo imafuna mafuta olowa mkati mwa thabwa.

Yambani ndi kuona kuti mulibe peleti komanso siyokoka. Kenako masulani masikuluwu ogwira thabwa, zambiri zimakhala ndi awiri kutsogolo m'mbali ndi ina pansi pa tiriga, chitsulo chonse chimatuluka chamtunthu, chikulungeni pansalu muchiyike poteropo, mkati mwake musamugwire. Vanishi wakaleyo mupaleni ndi phale la botolo momwe timapalira mpini wa khasu, pang'onopang'ono motsata mizere ya thabwa, amachoka ngati tizingwe topotana ndipo thabwalo silidyeka kwambiri. Mukatero ndi pomwe mubwere ndi sandipepa, 120 kaye, kenako 220, kumalizira 320, nthawi zonse motsata mizere osati mopingasa chifukwa zokalika zopingasa zimabisala thabwa likadali louma nkudzaonekera mutapaka kale mafuta, pamenepo mtima umawawa. M'mphepete momwe thabwa limakumana ndi chitsulo komanso kumbuyo komwe kuli labala musakwechemo kwambiri, mukadya pamenepo chitsulo chimatsala chitatumphuka ndipo palibenso chobwezeretsa.

Timaenje tija musatikweche, titukuleni ndi nthunzi. Nyowetsani kansalu koyera, kayikeni pa kadzenjepo, mudinde ndi nsonga ya simbi yamakala yotentha bwino mpaka pachite tsiii, muchotse, muone. Mupeza kadzenje kayamba kukwera kokha chifukwa nthunzi yafufumitsa thabwa lomwe linangopanikizika. Bwerezani kangapo. Koma pomwe thabwa linachita kudulidwa ndi mpeni kapena mwala wakuthwa sipabwerera, pamenepo pasiyeni, ndi mbiri ya bambo anu imeneyo. Mukamaliza pukutani thabwa lonse ndi nsalu yonyowa, likauma mumva tiubweya tatuluka, tichotseni ndi sandipepa wa 320 uja mopepuka.

Mfuti zambiri za ku Germany zamtengo wapakati thabwa lake ndi beech, loyererako, ndipo utoto limamwa mosiyanasiyana, pena bii pena mbee, nde ngati mukufuna kulidetsako pakani wochepa kwambiri ndipo muyesere kaye mkati momwe mumabisika ndi chitsulo. Mafuta ake ndi boiled linseed oil, m'mahadiweya akuluakulu ku Lilongwe amapezeka, kapena Tru-Oil ngati muli ndi wachibale wobwera kunja. Madontho ochepa pachikhatho, kutikita mpaka dzanja litenthe, kudikira mphindi 20, kupukuta onse otsala pamwamba, kupachika pamthunzi tsiku lathunthu. Mawa lake chimodzimodzi. Anthu amalephera apa chifukwa chothamanga, amathira ambiri kuti zithe msanga nde thabwa limangokhala nyatinyati mwezi wonse osauma. Mukadutsa maulendo khumi muyamba kuona mizere ikuwala kuchokera mkati. Dzinja ntchito iyi imachedwa chifukwa cha chinyezi, bola kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Mafuta ophikira ayi, amavunda nkumanunkha, oyilo wa galimoto ayinso, amafewetsa thabwa. Pomaliza patadutsa milungu ingapo mutha kupakako polishi wa Cobra pang'ono nkupukuta.

Ndipo mverani ichi poti kwanuko ndi kwa fodya. Nsanza zomwe zamwa linseed mukaziunjika pamodzi zimatentha zokha mpaka kuyaka popanda machesi. Musaziponye mu chigafa kapena pafupi ndi mabelo, ziyanikeni imodziimodzi pabwalo kapena zimizeni m'madzi.

FUNSO: Ndine kalipentala, ndimapanga mipando ndi zitseko. Kasitomala wabwera ndi mfuti yampweya ya Hatsan yomwe thabwa lake lapulasitiki linathyoka pakhosi, akuti ndimusemere lamtengo. Ndili ndi paini wa ku Chikangawa komanso bulugama wambiri. Zitheka? (Kalipentala wa ku Nkhamenya)

YANKHO: Achimwene, zitheka ndithu ndipo kwa ine apa ndi pomwe pali kukoma konse kwa masewera amenewa, chitsulo anapanga kale azungu kufakitale koma thabwa ndi lanu, mumaliumba momwe tsaya ndi phewa la mwini wake zikufunira. Koma paini musiyeni. Mfuti ya sipuling'i, yomwe mpweya wake umakankhidwa ndi sipuling'i ya mkati, imagwedezeka kwambiri powomba, masikuluwu amadya paini mpaka mabowo kukula, pakatha miyezi ingapo chitsulo chizingogwedera. Bulugama naye amapindika ndi kung'aluka pouma. Kunja amagwiritsa walnut pa mfuti zodula, ife kuno tili ndi mlombwa womwe kulemera kwake sikusiyana kwenikweni ndi walnut, sufupika kwambiri pouma, chiswe sichiukonda, ndipo ukalandira mafuta umatulutsa mizere yofiirira yokongola zedi. Mbawa nayo ndi yabwino, yopepukirako. Muwanga ndi wolimba koma kulemera kwake munthu atopa nayo asanawombe kakhumi.

Nkhani yaikulu ndi kuuma. Thabwa lake likhale lokhuthala masentimita 6 kapena kuposerapo, ndipo mtengo wolimba pouma pamthunzi umafuna pafupifupi chaka pa masentimita awiri ndi theka aliwonse, nde werengani nokha, zaka ziwiri ndi kuposa. Logula dzulo kwa ocheka mutchire lidzapotoka mutamaliza kale ntchito, komanso kuyambira pomwe lamulo la zankhalango analikhwimitsa mu 2020 kupezeka ndi matabwa achilengedwe opanda chilolezo ndi kudziputira mlandu. Ine ndingakulangizeni kusaka felemu ya chitseko chakale, mwendo wa bedi lakale kapena benchi yothyoka ya mlombwa, zimenezo zinauma kalekale ndipo eni ake amagulitsa motchipa. Ngati ndi lopyapyala matani awiri kapena atatu ndi guluu wabwino, limalimba kuposa lamtunthu.

Pojambula, gonekani thabwa lothyokalo pamwamba mulembe ndi pensulo, koma yang'anitsitsani pakhosi paja pomwe dzanja limagwira, mizere ya mtengo iziyenda motsata khosilo, ikapingasa lidzathyokera pomwepo pomwe lapulasitiki linathyokera. Ndipo musayambe ndi kunja. Yambani kukumba mkati momwe chitsulo chimagona thabwa likadali la makona anayi, losavuta kuligwira pa vayisi. Detsani pansi pa chitsulo ndi mwaye wa koloboyi, chigonekeni, chitukuleni, pomwe pada ndi pomwe pakugunda, palani pamenepo ndi tchizulo, bwerezani mpaka chikhale pansi chonse popanda kukakamiza. Ndi ntchito ya masiku, yotopetsa, koma mfuti kuwomba molunjika zimachokera pamenepo. Siyaninso mpata wokwanira woti chitsulo chokokera chiziyenda pothyola, komanso tiriga ndi sefite, kokiyira tiriga kaja, zisakhudze mtengo paliponse, tiriga yopanikizika imatha kuwomba yokha. Kunja ndiye muzisangalala nako, kasemasema, tupa, phale la botolo. Kuchokera pa tiriga kufika kumapeto kwa chitako munthu wamkulu amafuna masentimita pafupifupi 35, muyezeni kasitomalayo atavala malaya omwe amawombera. Timizere todutsana tija ta pogwirira timafuna zida zakezake, mizere 18 kapena 20 pa inchi, ngati mulibe ingogogodani timadontho tothithikana ndi msomali wobuntha, zimagwirika bwino ndipo zimaoneka zaudongo. Pa malipiro kasitomalayo musamumvere chisoni, imeneyi si ntchito ya mpando wamba.

FUNSO: Malume ndaona pa YouTube anthu akupenta mfuti zawo mawanga a tchire ndi penti wopopera wa m'chitini, zikuoneka bho heve. Yanga ndi yapulasitiki yakuda. Ndipange bwanji kuti penti asamasupuke? (Mnyamata wa pa Kasungu boma)

YANKHO: Mphwanga, penti amasupuka chifukwa cha mafuta, basi. Mfuti imakhala ndi oyilo ndi thukuta paliponse ngakhale ikuoneka youma. Chotsa thabwa lapulasitikilo pa chitsulo, litsuke ndi sopo wa mbale, liume, likweche pang'ono ndi sandipepa wa 400 kuti kuwala kuchoke, lipukute ndi sipiriti, kuyambira pamenepo usaligwirenso ndi manja, likoloweke pa waya. Thinazi pa pulasitiki usayerekeze, ena amasungunuka. Popera kaye pulayima wa pulasitiki, kenako penti wosawala, chitini chikhale patali masentimita 25 mpaka 30, dzanja liziyenda osaima, kupopera mopyapyala kangapo osati kamodzi kochuluka, akayenderera ndiye kuti wayandikitsa. Mtundu woyererako uyambe, wa udzu wouma uja, kenako ika masamba pamwamba nkupopera wobiriwira kapena wa khofi, ukachotsa tsamba chithunzi chake chimatsala. Masamba a msangu kapena a bwemba amatulutsa timizere tabwino, udzu wa tsekera nawo, ngakhale chidutswa cha neti yakale yong'ambika chimapereka mawanga ang'onoang'ono. Wakuda ukhale wochepa kwambiri. Upopere m'mawa mphepo isanayambe, pa boma pano fumbi la Seputembala likakwera pa penti wamuwisi watayika, ndipo upopere panja osati m'chipinda chogona. Ukamaliza iwala za mfutiyo sabata yathunthu, penti amauma pamwamba msanga koma mkati amachedwa kulimba.

Chitsulo ine ndimati chisiye chakuda momwemo. Mfuti yothyola umaigwira pa mpope nthawi iliyonse ukamakoka nde penti pamenepo sakhalitsa, imayamba kuoneka yauve kuposa poyamba. Zomwe ukuona pa YouTube zosasupukazo zambiri ndi Cerakote, amachita kuphwasula mfuti yonse, kuwomba chitsulo ndi mchenga nkuchiwotcha mu uvuni pa madigiri oposa 100, si zapakhonde. Ngati waumirira kupenta chitsulocho, mata tepi pa bowo la kutsogolo, pa kalabala ka pomwe umalowetsa peleti, pa tiriga, pa magalasi a sikopu, choonera patali chomangirira pamwamba pa mfuti chija, komanso pa nambala. Nambala ija isakwiririke ngakhale pang'ono, mfuti yosaoneka nambala wapolisi aliyense amaganiza kuti wachita dala.

Koma ndikufunse, mawanga a tchirewo ukubisalira ndani, zitini? Mfuti ya mawanga imafanana ndi ya asilikali, ndipo ife tili pafupi ndi paki ya Kasungu, ukakumana ndi agemu udzavutika kufotokoza. Akatswiri a mpikisano mfuti zawo zimakhala zofiira, zabuluu, zasiliva. Ine ndikanakhala iwe ndikanapenta ya buluu wa Nyerere kapena kufiira kwa Maule, aliyense akangoona adziwe kuti ndi yamasewera.

FUNSO: Mnzanga amadontheza oyilo wa njinga yamoto pa kabowo kotulukira mpweya, ikawomba imalira ngati yeniyeni mpaka utsi. Akuti mphamvu zimawonjezereka. Ndiyese? (Wowerenga wa ku Chamama)

YANKHO: Ayi. Pisitoni ya mkati mwa mfuti, yomwe sipuling'i imaikankha, ikathamanga imapanikiza mpweya mwadzidzidzi mpaka kutentha kwambiri, nde oyilo uja amaphulika momwe dizilo amayakira mu injini popanda pulagi. Kuphulikako kumawotcha labala ya pisitoni, kumabweza pisitoni mwamphamvu mpaka sipuling'i kuthyoka, ndipo peleti imapita komwe yafuna, lero pamwamba mawa pansi. Mnzakoyo akuipha mfuti yake akusekerera. Mkati umo mumalowa kadontho kamodzi ka oyilo wa silicone patapita nthawi yaitali, basi. Usamawombenso yopanda peleti, pisitoni imakamenya chitsulo popanda chotchinga. Ndipo kumasula sipuling'i wekha usayese, imakhala yopanikizika ngakhale mfuti isanakokedwe, ikafwamphuka imathyola zala kapena kuboola diso. Amene muli ndi zopopa zija za PCP, zomwe thanki yake imasunga mpweya wopanikizika wa ma bar 200 ndi kuposa, muzipopa mpweya wamba ndi pampu yake, okosijeni wa owotcherera zitsulo akakumana ndi girizi mkatimo ndi bomba.

FUNSO: Malume, tikugwetsa nyumba ya agogo tinapeza gogodela kudenga, yadzimbiri koma thabwa likadalipo. Ndikufuna ndiipale ndiipachike pabalaza. Komanso msuweni wanga wowotcherera akuti atha kundipangira ina yatsopano ndi paipi yoti tiziopsezera njovu kumunda. Mukuti bwanji? (Bambo wa kwa Chulu)

YANKHO: Bambo, musanaigwirenso mvetsani ichi. Akuluakulu akale gogodela ankaisunga yothira kale, ndipo wonga ukakhala pouma sufa, umatha zaka makumi ambiri uli moyo. Itengeni kuti ndi yodzaza. Musasuzumire ku bowo, musaigogode, musaiyandikize pamoto, ndipo kwa wowotcherera isapite, ana asaiyandikire. Kauzeni amfumu kenako apolisi, iwowo ndi amene angaione ngati ili ndi kanthu nkukuuzani ngati pali njira yoti muisunge. Kukalamba kapena dzimbiri sizichotsa kuti ndi mfuti.

Za msuweni wanuyo sindikuthandizani ndipo mumuletse. Kupanga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, wopanga ndi wosunga onse amalowa. Paipi ya madzi ili ndi msoko m'litali mwake, siinapangidwire kuphulikiramo kanthu, ikang'ambika imang'ambikira pomwe pali dzanja lamanzere ndi nkhope ya wowombayo. Ndikudziwa kuti za njovu si nthabwala kwanuko, makamaka chibwerereni njovu 263 zija kuchokera ku Liwonde mu 2022, anthu a m'mphepete mwa paki chimanga chikutha ndipo ena ataya miyoyo, ndipo wokhala pa boma asamakuuzeni kuti mungopirira. Koma njovu yolasidwa ndi chitsulo cha gogodela siifa, imayenda ndi bala ili yolusa, amene idzamupeze mawa ndi mayi wopita kudimba. Komanso kuyambira 2017 lamulo la zanyama zakutchire limafika zaka 30 kundende pa nyama ngati njovu. Limbanani nazo kudzera kwa agemu, komiti ya m'mudzi ndi amfumu, muzikakamira za mpanda ndi kuti azibwera msanga mukaimba foni.

FUNSO: Malume, amuna anga agula mfuti ya mapeleti nde Loweruka lililonse iwo ndi mwana wathu wa zaka 12 amakhalira kuwombera mabotolo pa mpanda, kuseri kwake kuli njira yopita kumjigo. Ndikayankhula akuti ndi choseweretsa. Ine mtima suli m'malo. (Mayi wa kwa Kamwendo, Mchinji)

YANKHO: Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona, ndipo bambowo muwawerengere yankho ili. Peleti ya 4.5 imalemera theka la galamu koma imaboola diso, imalowa pakhosi, mwana wamng'ono itha kumupha, ndipo ikaphonya imauluka mamita mazana angapo. Mpanda waudzu suimitsa kanthu. Mabotolo nawo ndi oipa, magalasi amamwazika pomwe ana amayenda opanda nsapato ndipo peleti ikamenya chinthu cholimba, mwala, chitsulo, ngakhale pamwamba pa madzi, imanjanja nkubwerera.

Sindikuti asiye, atembenuke basi. Apeze katoni yaikulu aidzaze nsanza zothinana, aiyike patsogolo pa khoma la njerwa kapena chulu, kutali ndi njira, amate pepala lojambula kadontho. Mapeleti azitsalira m'katonimo, zomwenso zili bwino chifukwa ndi a mtovu, nkhuku zisatole, mwana asamawaike mkamwa podikira kuwomba monga amachitira anyamata ambiri, ndipo asambe m'manja asanadye. Onse awiri avale magalasi otchinga maso. Mwana asaigwire bambo ake palibe, ikatha ntchito ikhale yokiyidwa, mapeleti kwina. Ndipo mfuti siilozedwa kwa munthu, kaya ilibe kanthu kaya ndi nthabwala.

Akazolowera za pepala mwina mwanayo apita nazo patali, chifukwa awa ndi masewera enieni a ku Olympics, mfuti yampweya inalowako mu 1984 ku Los Angeles. Amaima mamita 10, peleti ya 4.5 yomweyo, kuwomba ka 60 ataimirira, ndipo pakatikati pa chandamale pomwe pali mapointi 10 ndi kadontho ka theka la milimita, kochepa kuposa mutu wa singano ya pini. Abhinav Bindra wa ku India anatenga golide pa masewera amenewa ku Beijing mu 2008, woyamba m'dziko lake kupambana golide payekha. Ayeze mamita 10 ndi chingwe, azilemba mapointi m'kope, muona kuti za mabotolo aziiwala okha, bambowonso ayamba kuluza kwa mwana.

FUNSO: Ndagula masikopu awiri pa msika onse afa, mtanda wamkati umapendekeka ndipo sikopu imasuntha kubwerera m'mbuyo. Komanso dzinja lapitali mpope wachita madontho a dzimbiri, mkazi wanga akuti ndikweche ndi sitiliwulu wa mapoto. (Wowerenga wa ku Chatoloma)

YANKHO: Achimwene, sikuti mukugula zabodza zokhazokha, mfuti ya sipuling'i ndiyo imadya masikopu. Mfuti wamba imakankha kumbuyo kokha, koma iyi imakankha kumbuyo kenako nkugwedezera kutsogolo pisitoni ikafika kumapeto, nde magalasi omwe anamangidwira mbali imodzi amamasuka, ngakhale sikopu yodula ya mfuti yaikulu imatha kufa pamenepo. Pogula funsani yolembedwa kuti ndi ya mfuti yampweya ya sipuling'i, 4x32 yosasinthasintha imapirira kuposa zambiri za manambala ochuluka. Kusunthako, yang'anani pamwamba pa chitsulo chakumbuyo, zambiri zili ndi kabowo kolowamo kapini ka chomangira sikopu, kapini kameneko kalowe, ndipo chomangira chamtunthu chimodzi chimagwira bwino pa njanji ya mamilimita 11 kuposa tiwiri tosiyana. Musanaimbe mlandu sikopu onaninso masikuluwu a thabwa, amamasuka okha, ndipo powomba musaifinye, igonekeni pachikhatho chotambasula izigwedezeka momwe ikufunira, kagwiridwe kakhale kamodzimodzi nthawi zonse. Yesaninso mapeleti a mitundu iwiri itatu, mfuti iliyonse ili ndi omwe imagwirizana nawo, ndipo opindika m'chitini muzitaya.

Sitiliwulu wa mapoto ndi wokhakhala, achotsa dzimbiri limodzi ndi kuda konse kwa chitsulo nkusiya mabala oyera omwe adzachite dzimbiri kuposa kale. Wofunika ndi wosalala kwambiri wolembedwa 0000, mumunyowetse ndi oyilo wa makina osokera nkumasisita mopepuka, kupukuta ndi nsalu yoyera, muona nsaluyo ikufiira. Viniga kapena mandimu asayandikire, zimasula kuda kuja pompopompo. Dzimbirilo limayamba ndi thukuta la m'manja, mchere uja, nde mukamaliza kuwomba pukutani chitsulo chonse ndi kansalu ka oyilo musanaisunge. M'chikwama chansalu kapena pansi pa matiresi musamaisungemo nthawi ya dzinja, zimasunga chinyezi. Iimikeni m'kabati yokiya, isatsamire khoma lakunja, muponyemo timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi muziitulutsa sabata iliyonse kuiona, makamaka pansi pa mpope pomwe pamabisika ndi thabwa.